Matilesi odzipopa okha, na malo amene ise timagona

Mukachula mawu akuti camping pagulu la anzanu mu Lusaka, sipalephela kupezeka woseka. Ati ni masewela a azungu, anthu amene ali na bedi yabwino ku nyumba koma amalipila ndalama kuti akagone pansi mu thengo, udzudzu uli kuwaimbila. Na ine nimaseka nawo. Koma tayesani kuwelenga masiku amene imwe munagona kunja kwa bedi yanu chaka chatha. Malilo awili olo atatu, ndipo malilo amodzi ni kugona masiku atatu. Camp meeting ya ku chalichi, wiki yathunthu. Ukwati wa kumudzi kumene alendo achuluka kupambana zipinda. Kudikilila wodwala ku chipatala, chitenge chili pa simenti pafupi na bedi yake. Amene mumapita ku Nc'wala ku Mtenguleni mu February, olo ku Kulamba ku Mkaika mu August, muonjezele pamenepo. Mudzapeza kuti mnyamata wa ku Mtendere amagona pansi masiku ambili pa chaka kupambana mzungu wa tenti uja. Kusiyana kwawo n'kwakuti mzungu amapita atakonzekela.

Chimodzi mwa zimene amanyamula ni kamatilesi kopyapyala kamene kamadzipopa kokha. Mu mashopu amakalemba kuti self-inflating mat. Ine nili nako kamodzi, manje ni chaka chachitatu, ndipo kukasankha kunanitengela miyezi iwili ya kufunsa, kuwelenga na kugona pansi mu mashopu anthu ali kuyang'ana. Nifuna nikuuzeni zimene ninapeza, kaili ndalama zake si zochepa, ndipo zithunzi za pa katoni zimaonetsa mapili a sinoo kumene ambili a ise sitidzapondako.

Mkati mwake muli siponji yopepuka, ya tumabowo totseguka monga ija yotsukila mbale, yomatidwa ku nsalu yosatulutsa mpweya pamwamba na pansi. Pakona pali valavu. Mukakapinda na kukafinya, mpweya wonse umatuluka, mwatseka valavu, kakhala kamtolo konyamula m'khwapa. Mukafika kogona mumakatambasula na kutsegula valavu. Siponji imafuna kubwelela mmene inalili, ndipo pofufuma imadzikokela mpweya yokha. Mumamva kakulila pang'onopang'ono, fuuu, inu muli kuchita zina. Pakapita mphindi zisanu olo khumi kafufuma. Dzina lake lili na kabodza pang'ono: mpweya wothela mumauzila na pakamwa, kawili olo katatu, ndiye mutseke. Wogulitsa akakuuzani kuti simudzauzilapo olo kamodzi, ameneyo sanagonepo.

Anakayamba ni mainjiniya a ku Seattle, ku America. Jim Lea na Neil Anderson anali atachotsedwa nchito ku Boeing, kampani yopanga ndeke, ndipo pamodzi na mnzawo John Burroughs, wokonda kukwela mapili, anayambitsa kampani ya Cascade Designs mu 1972. Matilesi awo anawacha Therm-a-Rest. Nzelu yake Lea anaitenga ku kasiponji kogwadila polima maluwa, ataona mmene kamatulutsila mpweya ukakatsamila na kubwelela ukakasiya. Chinthu chopangidwa na anthu amene aona retrenchment ine nimachikhulupilila, chifukwa munthu wotelo alibe nthawi yopanga zosasewenza.

Ambili pogula amafinya na chala kuti aone kufewa. Kufewa n'kofunika, koma chimene chimakuutsani ku ma 03 hours mu June olo July ni mphepo yochokela pansi. Nthaka na simenti zimakoka kuthuma kwa thupi mwamsanga kupambana mpweya wozizila umene uli pamwamba panu, ndipo sizikhuta. Mungagonepo usiku wonse, simenti siidzathuma. Bulangeti imathumitsa chifukwa imasunga mpweya pakati pa ubweya wake. Mukaigonela, thupi lanu limaifinya, mpweya wathawa, yatsala nsalu chabe. Ni chimodzimodzi na sleeping bag, olo ikhale yodula bwanji: mbali imene muli kuigonela siisewenza. Ambuya anga anali kuchidziwa ichi popanda buku, chifukwa nthawi yozizila anali kuyala masaka pansi pa mphasa, nthawi zina na udzu wouma. Alonda a mu tauni naonso amachidziwa. Yang'anani pa khonde la shopu usiku, mudzaona katoni. Mu katoni muli tumipata twa mpweya wosayenda, ndipo mpweya wosayenda ndiye umatsekeleza kuzizila. Siponji ya mu matilesi awa imachita nchito imodzimodzi, koma bwino kwambili, chifukwa valavu ikatsekedwa thupi lanu silingaifinye mpaka pansi.

Apa ndiye pamene amasiyanila na ma airbed aakulu a blue amene adzala mu mashopu, aja okwela monga bedi yeniyeni. Pa maso amaoneka apamwamba, ndipo mtengo wake nthawi zambili ni wotsika. Koma mkati mulibe kanthu, ni mpweya chabe wopanda chougwila. Umene wathuma pansi pa msana wanu umasakanikilana na wozizila wa pansi nthawi iliyonse mukatembenuka, ndiye mumagona pofewa koma muli kunjenjemela. Afunikanso pampu, ndipo ambili pampu yake ni ya magetsi. Mu dziko limene malaiti amapita maola ambili, komanso ku Mkaika kumene anthu makumi awili alimbilana socket imodzi yochajila mafoni, chimenecho chokha chinanikwanila kuti niwasiye. Airbed ikabooka, pofika pakati pa usiku muli pa simenti. Odzipopa okha akabooka, kasiponji kamatsalako, olo kochepa.

Pa katoni ya matilesi abwino mudzapeza nambala yochedwa R-value. Ni muyeso wa mmene chinthu chimakanila kudutsitsa kuthuma. Nambala ikakula, matilesi amathumitsa kwambili. Kale kampani iliyonse inali kupima mmene yafunila, koma kuyambila 2020 makampani aakulu amasewenzetsa njila imodzi yochedwa ASTM F3340, ndiye mukaona zilembo zimenezi pafupi na nambala, mungaikhulupilile. Ya 1 mpaka 2 ni ya nthawi yotentha. Ya 2 mpaka 4 ni ya kuzizila kwapakati. Kupitilila apo ni za kumene madzi amauma gwaa usiku. Lusaka ili pa mtunda wa mamita opitilila 1,200, ndipo mu June na July usiku kumatsika pansi pa madigili 10. Ku Serenje na ku Mpika ni pamtunda chimodzimodzi, ndipo amene anagonapo pafupi na mathithi a Kundalila nthawi yozizila adziwa zimene nikamba. Malo amenewa R-value ya 3 ikwanila bwino, ndipo matilesi odzipopa okha enieni a 3.8 cm kupita m'mwamba ambili amafika pamenepo olo kupitilila. Ku chigwa cha Luangwa mu October, kumene masana kumafika madigili 40, nambala iyi mudzaiiwala. Ndiye musalipile ndalama zoonjezela chifukwa cha 6 olo 7. Mudzakhala mwagula kuzizila kwa ku Norway.

Kumene muyenela kuchedwako ni pa kuchindikala. Amabwela a 2.5 cm, 3.8 cm, 5 cm, 7.5 cm na 10 cm. Wogona chagada, thupi lake limagawika bwino, ndipo 3.8 cm imukwanila. Wogona chammbali monga ine, kulemela konse kumapita pa phewa na pa chiuno, ndiye pafunika 5 cm. Izi simungazidziwe na chala. Mufunika kugonapo. Mu shopu ina mu tauni ninatambasula amodzi pansi pakati pa mashelefu, nauzila, natseka, nagona chammbali. Mtsikana wogulitsa anabwela mothamanga.

"Ba boss, apa si pogona."

"Ba sister, nipatseniko mphindi ziwili chabe. Nsapato timayesa, nanga ichi?"

Anaseka, ananisiya, ndipo mkulu wina amene anali kusankha mbaula ya gasi anaima kuti aone zotulukapo. Chiuno changa chinali kugunda pansi. Anali a 2.5 cm, ndipo ninawabweza pa shelefu. Chenjezo limodzi poyesa: mukakhala pansi na matako olo kugwada, pafupifupi matilesi aliwonse opyapyala amagunda pansi, chifukwa kulemela konse kuli pa malo amodzi. Umenewo si muyeso. Gonani mmene mumagonela ku nyumba, mutembenuke kawili, mumve.

A 10 cm amakoma ngako, osanama. Mungagonepo mwezi wathunthu. Koma anapangidwila anthu a motoka. Mukawapinda amakhala mtolo waukulu monga kasaka ka malasha, amalemela kwambili, ndipo ku Intercity mtolo wotelo ni katundu wolipila. Ngati maulendo anu ni a basi, kenako njinga olo kuyenda pansi kuchoka pa msewu, 5 cm ndiye malile. Amamangika kunja kwa chikwama, amakhala pa miyendo mu minibasi.

Saizi yodziwika ni 183 cm mu litali na 51 cm mu lifupi. Tengani tepi mupime 51 cm pa bedi yanu, mudzadabwa kuchepa kwake. Manja amagwela pa simenti. Alipo a 64 cm, ndipo ngati ndimwe a mapewa aakulu, ndalama yoonjezela iikeni pamenepa. Za litali si zovuta. Alipo aafupi a 120 cm, oyambila kumutu kulekezela mu mawondo, ndipo miyendo mungaiike pa chikwama olo pa juzi. Wa ndalama zochepa angayambile pamenepo.

Nambala ina yoyenela kuiyang'ana ni ya nsalu, yolembedwa na chilembo D. Ya 20D olo 30D ni yopepuka, yopangidwila okwela mapili amene amawelenga magalamu. Ya 75D ni yochindikala. Kwathu kuno tenga yochindikala, usaganize kawili. Tili na minga ya mthethe, tili na ziputu za udzu wotentha, tili na mabango a mphasa yakale amene amathyoka n'kuima monga singano, tili na moto wothetheka wa pa mbaula. Magalamu 200 oonjezela sadzakuthyola msana.

Atsopano a mayina odziwika ni odula, ndipo kuno sapezeka paliponse. Otchipa opanda dzina aliponso ambili, ena pa Facebook, ndipo ena mwa iwo siponji yake ni yochepa kwakuti sadzipopa, mumauzila mpaka mutu kuzungulila. Anga ninawapeza mu salaula, pakati pa zikwama na ma sleeping bag, ndipo ninalipila ndalama yofanana na matumba awili a unga wa breakfast. Mu salaula mumapezeka zenizeni, koma kumbukilani kuti kumene zachokela munthu anali na chifukwa chozitayila. Ndiye muyese pamaso pa wogulitsa. Tsegulani valavu, muyembekezele. Ngati akhala opindidwa mu belo miyezi yambili adzachedwa kufufuma, chimenecho si mlandu, siponji imadzuka pang'onopang'ono. Uzilani mpaka alimbe, mutseke, mupake mate pa valavu monga timachitila na chubu ya njinga, muone ngati patuluka thovu. Kenako muwapinde pakati, mukhalepo mphindi khumi mukambilana mtengo. Ngati afewa, pali bowo. Bowo laling'ono pa nsalu limamatika, ndipo lingakuthandizeni kutsitsa mtengo. Zimene sizikonzeka ni ziwili. Choyamba ni chotupa: mukauzila n'kuona malo ena atupa monga mimba ya chule, ndiye kuti nsalu yamatuka ku siponji, ndipo chotupa chimenecho chimakula usiku uliwonse. Chachiwili ni fungo la chuku lochokela mu valavu. Mukapeza chimodzi mwa izi, siyani, olo akupatseni pa theka la mtengo.

Anga ni a 5 cm, a 75D, obiliwila modela. Ninawagulila nchito. Ku wailesi kumene nimathandizako timapita kukajambula mawu ku miyambo, ndipo ku Kulamba, kumene mafumu a Achewa a mu Zambia, Malawi na Mozambique amabwela kwa Kalonga Gawa Undi kumapeto kwa August, malo ogona ku Katete amadzala msanga, ndipo olo akanapezeka, volunteer alibe ndalama zake. Timagona mu kalasi, madesiki atakankhidwila ku khoma. Munthu ukagona pa simenti yozizila pambuyo pa ulendo wa makilomita pafupifupi 500 mu Great East Road, m'mawa mawu amatuluka monga a khwangwala, ndipo mawu ndiye khasu lathu. Chaka chimene ninapita na matilesi ninadzuka na mawu anga. Pamenepo ninali n'takhutila kuti ndalama sinataye.

Koma kumene ninadziwila kuti mtundu na kupyapyala kwake zili na tanthauzo lina kunali pa malilo, mu July, mu komboni ina kuno ku Lusaka. Anamwalila anali alamu awo a amai aakulu, akulu awo a amai anga. Amai aakulu ni munthu wa zaka zopitilila 65, ndipo chiuno chimawavuta kuyambila kale. Mudziwa mmene zimakhalila. Mipando yonse inatulutsidwa mu sitting room, azimai mkati pa mphasa na zitenge, ise amuna panja pa moto pansi pa tenti. Usiku woyamba anagona pa chitenge chimodzi pamwamba pa mphasa. M'mawa panafunika anthu awili kuti awaimilitse, ndipo anayenda atapindika mpaka masana. Ninapita ku nyumba, nabwela na kamtolo kanga, nawaitanila kuseli kwa nyumba.

"Amai, nabweletsa aka. Mugonepo lelo."

Anakayang'ana nthawi yaitali. "Iwe mwana, ufuna anthu akambe kuti ninabwela kudzagona bwino pa malilo a alamu anga? Wamasiye ali pa simenti, ine nikhale pa matilesi?"

Sinapeze choyankha mwamsanga, chifukwa zimene anakamba zili na nzelu. Kugona pansi pa malilo ni uthenga. Timauza ofedwa kuti tasiya mabedi athu chifukwa inu mulibe tulo, mavuto anu tiwagawana mpaka mu mafupa. Munthu wofika na airbed ya blue na pampu yolila monga chigayo angakhale watukwana nyumba yonse, ndipo ine ningakhale woyamba kumuyang'ana na diso loipa. Mwambo uwu nimaulemekeza, ndipo sinifuna tsiku limene malilo athu adzakhala a maola awili, aliyense n'kubwelela kwake.

Koma palinso china chimene sitikamba. Amene amalipila mtengo wa mwambo uwu ni azimai achikulile. Ndiwo amapezeka pa malilo aliwonse, a pa chibale, a ku chalichi, a mu section, nthawi zina awili pa mwezi. Ndiwo ali na mawondo otupa, shuga na BP. Ise amuna tili panja pa mipando, moto uli pafupi, ndipo tinene zoona, ikakwana 23 hours ena a motoka amazimilika mmodzimmodzi, n'kuonekelanso m'mawa atasamba. Palibe amawafunsa za mwambo. Mayi wa zaka 68 akayala kanthu pansi pa chiuno, ndiye pamabuka nkhani.

Amene anathetsa nkhaniyi ni msuweni wanga, mwana wawo wamkazi. Ananiuza kuti nileke kukambakamba. Anatenga kamtolo, anakatsegula kuseli komweko, kanadzipopa mwakachetechete pamene iye anali kutsuka mapoto. Madzulo anakalowetsa atakakulunga mu chitenge, anakayala pakona ya ku khoma pamene amai ake anali kugona, anafunditsa zitenge ziwili. Matilesi a 5 cm pansi pa chitenge amaoneka monga bulangeti yopinda. Nthawi yogona itakwana, amai aakulu anafika pa malo awo, anagwada, anamva na dzanja, anayang'ana mwana wawo. Sanakambe kanthu. Anagona.

Usiku wachitatu, msuweni ananiuza, kamatilesi kanali katatembenuzidwa chopingasa. Amai aakulu anali atagona na azimai ena awili achikulile a mu kwaya, aliyense chiuno na msana zili pa siponji, mitu pa zikwama, miyendo pa mphasa. Masentimita 183 anakwanila anthu atatu. Ndiye kuti chinsinsi chinali chitadziwika kale mu chipinda chonse, koma palibe anachichula, ndipo palibe anakhumudwa. Titabwela ku manda, anthu ayamba kubalalika, amai aakulu ananikoka malaya.

"Kaja kanthu kako, usakabwelekese kwa munthu mu August. Tili na camp meeting."

Kuchokela apo, mnzanga akanifunsa kuti agule otani, funso langa loyamba limakhala lakuti adzawayala kuti, ndipo pafupi na ndani. Opanga amakonda mitundu yowala, orange na yellow, kuti munthu asawataye pa phili. Kwa ise mtundu wodela ndiye wabwino: suonetsa dothi lofiila la kwathu, ndipo suitana maso. Kupanda phokoso nakonso n'kofunika. Alipo matilesi ena opepuka a mpweya chabe, odula, amene mukatembenuka amalila monga paketi ya ma crisps. Mu tenti yanu mweka zilibe kanthu. Mu chipinda cha anthu makumi atatu olila, olo mu ward usiku, mudzafuna nthaka ikumezeni. A siponji salila.

Kasungidwe kake kamadabwitsa ambili. Sasungidwa opinda. Mukawasiya mu kathumba kawo miyezi, siponji imazolowela kufinyika ndipo imaleka kudzuka bwino. Afunika kukhala otambasula, valavu yotsegula, kuti na chinyezi cha mpweya wa m'kamwa chiume. Mabuku amati pansi pa bedi. Amene timakhala mu chipinda chimodzi tidziwa kuti pansi pa bedi pali kale masutukesi, mbale na nsapato, ndiye anga amaima kuseli kwa wadilopu, kutali na mbaula komanso kumene makoswe sadutsa. Dzuwa ndiye mdani wamkulu. Mukawasiya otseka mu tenti masana, olo mu motoka yoimikidwa padzuwa, mpweya wa mkati umafutukuka, umakankha nsalu mpaka imatuke, chotupa chija chabadwa. M'mawa mukadzuka, chinthu choyamba tsegulani valavu. Ndipo mukamva kuti ku ma 04 hours afewa pang'ono, musathamangile kuti abooka. Mpweya ukazizila umachepa mphamvu, uzilani kamodzi mugonenso.

Kupinda kuli na njila yake. Tsegulani valavu, muwapinde katatu olo kanayi, mugwadepo mpaka mpweya wambili utuluke, mutseke. Tambasulani, muyambe kukulunga kuchokela kumiyendo, bondo lili pamwamba. Mukafika pafupi na valavu, mpweya wotsala umakhala utaunjikana pamenepo. Tsegulani, finyani, tsekani. Amalowa mu kathumba kawo popanda nkhondo.

Kubooka kudzachitika, makamaka ngati mumabwelekesa. Anga ali na zigamba ziwili. Uzilani mpaka alimbe, pakani madzi a sopo mbali na mbali, muyang'ane pamene patuluka thovu, mulembe na pen, muumitse bwino, ndiye mumate. Atsopano ambili amabwela na tuzigamba na guluu wake, musataye kapaketi kameneko. Guluu wa chubu ya njinga anapangidwila labala, pa nsalu iyi sagwila bwino, olo ba fundi a pa kona akulonjezeni. Mukamata, ikanipo chinthu cholemela usiku wonse musanauzilenso. Ndipo kulikonse kumene mugona panja, sesani pansi na dzanja, muyale saka olo pulasitiki poyamba.

Si aliyense afunika kugula. Ngati mumagona pansi kawili pa chaka nthawi yotentha ndipo msana wanu ni wa zaka 22, kuli tumphasa twa foam yolimba tokulunga, totchipa, tosabooka olo mutuyale pa minga. R-value yake imakhala pafupifupi 2 olo kuchepelapo, ndipo kufewa n'kochepa, koma manambala awa amaonkhetsedwa: mukayala katoni pansi, foam pamwamba, mwapita patsogolo. Ndalama yotsala mugule bulangeti yabwino. Matilesi odzipopa okha ni a munthu amene amagona pansi kawilikawili, wogona chammbali, olo amene ku nyumba kwawo kuli wachikulile amene saphonya malilo.

Mu November ine na anzanga atatu tapangana kupita ku Kasanka kukaona mileme. Imafika kumapeto kwa October, mamiliyoni, imakhala mu kankhalango kamodzi mpaka December, ndipo madzulo ikamatuluka thambo limada. Uwu ndiye udzakhala ulendo wanga woyamba wa camping ija ya pa katoni, ya tenti na tochi ya pamphumi. Tenti tabweleka kwa a Pathfinder, mapoto alipo. Chatsala ni matilesi anga. Wiki yatha ninatumila foni amai aakulu kuti niwakumbutse. Ananifunsa za nchito, za lendi, za chifukwa chimene sinikwatilila, ndipo pothela pake anati kanthu kaja kali na mnzawo wa mu kwaya amene anapita ku malilo ku Petauke, kadzabwela iye akabwela.